Wodwala Mtima Akabwerera Kumudzi

Nkhani iyi inakambidwa ndi dokotala wa Boma pa msonkhano wa aphunzitsi, mafumu ndi alangizi a za umoyo. Yalembedwa pano kuti odziwa kuwerenga awerengere anzao kumudzi.

Munthu akagonekedwa m'chipatala ndi nthenda ya mtima, abale ache amakhala ndi nkhawa usana ndi usiku. Koma likafika tsiku lakuti atuluke, onse amakondwera, namanga katundu, nayesa kuti mlandu watha. Pamenepo ndi pamene pagona ngozi. Nthenda ya mtima sifanana ndi malungo, amene munthu amamwa mankhwala masiku atatu nadzuka. Mtima umene unadwala kamodzi ufuna kusamalidwa masiku onse a moyo wa mwini wache, ndipo nchito yaikulu ya kuusamala sichitika m'chipatala iai, koma kumudzi, kumene kulibe dokotala kapena namwino.

Kumudziko odwala amalakwa m'njira ziwiri. Ena amagwidwa ndi mantha, nangogona pamphasa tsiku lonse, abale nawaletsa ngakhale kuturuka pabwalo. Ena akamva kuti thupi lapepuka amanyamula khasu m'mawa mwache, kuti abweze masiku amene munda unakhala wosalima. Woyambayo amafooka pang'ono pang'ono, wachiwiriyo amagwa mwadzidzidzi, ndipo onse awiri amabwerera ku chipatala ali obvutika koposa kale, ngati afikako ndi moyo. Njira yabwino iri pakati pa ziwirizi, ndipo iri ndi mbali zitatu: kuyenda tsiku liri lonse mwa muyeso, kumwa mankhwala mosadukiza, ndi kusalekana ndi chipatala ngakhale chiri kutali.

NTHENDA YA MTIMA SI YA OLEMERA OKHA

Kale anthu ankati nthenda ya mtima ndi ya Azungu ndi ya anthu olemera a m'tauni. Mau amenewo si oona. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu 17.9 miliyoni anafa ndi nthenda za mtima ndi za mitsempha ya magazi, ndipo pa anai ali onse amene anafa chotero, atatu anali a m'maiko osauka kapena a chuma chapakati. M'Malawi muno kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anaonetsa kuti pa akulu atatu ali onse a zaka za pakati pa 25 ndi 64, mmodzi anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene anthu amaitcha BP, ndipo ochuluka a iwo sanali kumwa mankhwala ali onse.

Mtima ndi mnofu, waukulu ngati nkhonya ya mwini wache. Umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo munthu ali chikhalire umapopa magazi okwana malita 5 pa mphindi imodzi. Zouononga zazikulu ziripo zinai. Choyamba ndi BP: mtima umapopa mokakamiza zaka zambiri, nukula, nutopa. Chachiwiri ndi zilonda za pa khosi za paubwana zimene sizinachizidwe. Patapita zaka zimaononga tizitseko ta mkati mwa mtima timene timaletsa magazi kubwerera m'mbuyo, ndipo nthenda imeneyi imagwira kwambiri ana a sukulu ndi amai achitsikana. Chachitatu, mnofu wa mtima umafooka wokha, nthawi zina mwa mai amene wangobereka kumene. Chachinai, mtsempha wodyetsa mtimawo umatsekeka ndi mafuta ndi magazi oundana, makamaka mwa osuta fodya, onenepa kwambiri ndi odwala shuga.

Odwala ena amathandizidwa ku zipatala za maboma, ena ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Ena owerengeka amatumizidwa kunja, monga ku India, kukachitidwa opaleshoni. Koma onsewa ulendo wao umathera malo amodzi, ndiwo pakhomo pao.

KUGONA SIKULIMBITSA MTIMA

Abale amene amagoneka wodwala tsiku lonse sachita chotero chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa cha chifundo. Madokotala omwe anali ndi maganizo amenewo kale. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, munthu amene mtsempha wa mtima wache unatsekeka ankagonekedwa pa kama sabata 6, osaloledwa kudzuka, ndipo ena ankachita kudyetsedwa. Ambiri ankafera pa kama pomwepo ndi chibayo, kapena ndi magazi oundana m'miyendo amene ankakatseka mitsempha ya m'mapapo. M'chaka cha 1952 madokotala awiri a ku Boston ku America, Samuel Levine ndi Bernard Lown, analemba za odwala 81 amene iwo anawatsitsa pa kama nawakhazika pa mpando tsiku liri lonse. Anzao ambiri anawatsutsa, koma odwalawo anapeza bwino, ndipo kuyambira pamenepo masiku ogona anayamba kuchepetsedwa.

Chaka chotsatira, cha 1953, dokotala wa ku London dzina lache Jeremy Morris anatulutsa zimene anapeza atafufuza za anthu pafupifupi 31,000 ogwira nchito ya mtengatenga mu mzindawo. Mabasi a ku London ndi osanjikiza. Dalaiva ankakhala pa mpando tsiku lonse, pamene kondakitala ankakwera ndi kutsika makwerero polandira ndalama kwa okwera. Onsewa anali anthu a mzinda umodzi ndi a basi imodzi, koma nthenda ya kutsekeka kwa mtsempha wa mtima inkagwira ndi kupha madalaiva koposa makondakitala. Morris mwini wache anakonda kulimbitsa thupi kufikira ukalamba, ndipo anamwalira m'chaka cha 2009 ali ndi zaka 99.

M'mwezi wa September 1955 Pulezidenti wa dziko la America, Dwight Eisenhower, anadwala mtima ali ndi zaka 64, ndipo anthu ambiri anayesa kuti nchito yache yatha. Koma dokotala amene anaitanidwa, Paul Dudley White, munthu wokonda kuyenda pansi ndi kukwera njinga, sanalole kuti akhale chogona moyo wache wonse. Anamlangiza kubwerera ku nchito pang'ono pang'ono. Eisenhower anasankhidwanso m'chaka cha 1956, natsiriza nthawi yache, nakhala ndi moyo kufikira 1969.

Chitsanzo chotsiriza chichokera ku Dallas, ku America komweko. M'chaka cha 1966 anyamata 5 a zaka 20, athanzi labwino, anabvomera kugona pa kama sabata 3 osadzuka. Atawayeza pambuyo pache, mphamvu ya mtima ndi mapapo ao inali itatsika koposa gawo limodzi la magawo anai. Anachita masewera olimbitsa thupi sabata 8, ndipo mphamvuyo inabwerera. Patapita zaka 30 amuna omwewo anayezedwanso, ndipo kunapezeka kuti sabata 3 za pa kama zija zinawafooketsa koposa zaka 30 za kukula. Ngati kugona kutero ndi mnyamata wathanzi, nanga ndi nkhalamba yodwala kudzatani?

Chifukwa cha zimenezi, masiku ano wodwala mtima akayamba kupeza bwino amadzutsidwa msanga. Kumene kuli akatswiri a mafizo, amamphunzitsa kuyenda, kupuma bwino, kukwera makwerero ndi kudziwa polekeza. Kuyenda kumalimbitsa minofu ya miyendo kuti isamalemetse mtima, kumatsitsa BP ndi shuga, kumapatsa tulo, ndiponso kumachotsa mantha. Koma mphamvu yopezeka choteroyo siisungika ngati chimanga m'nkhokwe. Munthu akaleka kuyenda, imayamba kutha m'sabata zowerengeka. M'maiko onse madokotala amaona chinthu chimodzimodzi: odwala amalimbikira pamene ali pamaso pa namwino, koma pakapita miyezi ingapo ali kwao, ambiri amaleka. Tsono funso lalikulu ndi ili: wodwala apitirize bwanji ali kumudzi?

MAYENDEDWE OYENERA

Asanaturuke m'chipatala, wodwala afunse dokotala ngati aloledwa kuyamba kuyenda. Alipo ena amene ayenera kudikira, monga amene tizitseko ta mtima wao tinaonongeka kwambiri, kapena amene thupi likali lotupa ndi madzi. Mau a dokotala amene anamuyeza apambana chiri chonse cholembedwa pano.

Wololedwayo ayambe ndi mphindi 5 kapena 10, kawiri pa tsiku, pa njira yopanda chitunda. Akatha masiku awiri kapena atatu osamva chobvuta, aonjezepo mphindi ziwiri kapena zitatu. Potero, pakutha pa sabata 6 kapena 8 ambiri amafika pa mphindi 30. Akayenda mphindi 30 masiku 5 pa sabata zikwana mphindi 150, ndiwo muyeso umene WHO inalangiza akulu m'chaka cha 2020, pamodzi ndi amene ali ndi nthenda zokhalitsa monga BP ndi shuga. Amene sangathe kufika pamenepo asataye mtima. Kuyenda pang'ono kuposa kusayenda konse. Akulu anati pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Nthawi ingayesedwe ndi wotchi ya pa foni. Amene alibe foni ayese ndi malo odziwika: lero kufika pa mjigo, sabata ya mawa kufika pa tchalitchi kapena pa mzikiti, sabata inayo kufika pa sukulu. Bwalo la mpira la pa sukulu ndi malo abwino, pakuti ndi losalala ndipo munthu akatopa ali pafupi ndi anthu. Ngati bwalolo liri la muyeso wokwanira, kulizungulira katatu ndiko kilomita imodzi. Woyenda pa mseu akumbukire kuti njira yopita iri ndi yobwerera, asathere mphamvu zonse popita.

Nanga liwiro lache? Pali njira yapafupi yodziwira, yosafuna chida chiri chonse. Wodwala ayende ndi mnzache, azicheza. Ngati angathe kulankhula koma sangathe kuyimba, liwirolo liri bwino. Ngati mau ali kudukaduka chifukwa cha wefuwefu, wafulumira, achepetse. Ayambe mwapang'onopang'ono mphindi 5 zoyamba, ndipo atsirize mwapang'onopang'ono, asaime mwadzidzidzi, kuopa chizungulire.

Asayende atangodya nsima, koma papite ola limodzi kapena awiri. Asayende dzuwa liri paliwombo, makamaka m'miyezi ya October ndi November. M'mawa ndi madzulo ndiyo nthawi yabwino. M'miyezi ya June ndi July adikire kuti kuyambe kufunda. Tsiku limene ali ndi malungo, chimfine chachikulu kapena kutsekula m'mimba apume, ndipo akachira ayambirenso pa muyeso wochepa.

NCHITO ZA PAKHOMO NDI ZA KUMUNDA

Wina adzafunsa kuti, "Nanga kulima si kulimbitsa thupi kodi?" Ndi koona kuti mlimi sakhala chabe. Koma pali kusiyana. Poyenda, mtima umagwira nchito mofanana, ndipo mpweya umalowa ndi kuturuka bwino. Ponyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50, kapena pozula chitsa, munthu amagwira mpweya nakakamiza, ndipo BP imakwera mwadzidzidzi. Mtima wodwala suthana nako kukakamiza kotere.

Chotero nchito zibwerere mwa dongosolo. Sabata zoyamba wodwala angathe kusesa pabwalo, kudyetsa nkhuku, kutong'ola chimanga, kusenda mtedza, kuluka mphasa ndi kutsuka mbale. Akafika poyenda mphindi 30 popanda chobvuta, angayambe kubzala ndi kupalira pang'ono m'mawa, napuma kawirikawiri. Kugalauza, kubandira, kuwaza nkhuni, kusinja, kuumba njerwa ndi kunyamula katundu wolemera zidikire kufikira dokotala atabvomereza. Ndipo kwa ena nchito zimenezi ziyenera kusiyidwira ana ndi abale mpaka kale. Palibe manyazi pamenepa. Bambo wamoyo wopalira mizere iwiri athandiza banja lache koposa amene anagwera m'munda.

Amene anachitidwa opaleshoni ya mtima akhale ndi chisamaliro china. Fupa la pa chifuwa limadulidwa, nilimangidwa ndi waya, ndipo limatenga sabata 6 kufikira 12 kuti ligwirane. M'nthawi imeneyo asanyamule choposa makilogalamu 4 kapena 5. Ndowa ya madzi ya malita 20 imalemera makilogalamu 20. Mai wotere asasenze madzi, asapope mjigo, asabereke mwana kumbuyo. Bambo wotere asapalase njinga. Koma kuyenda pansi ayende ndithu.

Za m'banja pakati pa mwamuna ndi mkazi, wodwala afunse dokotala kapena namwino osachita manyazi, pakuti ambiri amabwereranso ku moyo wao wa m'banja. Mai amene ali ndi nthenda ya tizitseko ta mtima, kapena amene mtima unafooka atabereka, asatenge pakati asanakambirane ndi dokotala, chifukwa pakati pamalemetsa mtima kwambiri.

ZIZINDIKIRO ZA NGOZI

Wodwala aleke kuyenda, nakhale pansi, akamva kupweteka kapena kulemera pa chifuwa, kupweteka kotsikira ku mkono kapena kukwera ku nsagwada, chizungulire, thukuta lozizira, kubanika koposa masiku onse, kapena mtima ukagunda mosalongosoka. Zikatha atapuma, tsiku limenelo asapitirize, ndipo adziwitse a chipatala. Zikapitirira mphindi 10 kapena 15 osaleka, kapena akakomoka, kapena pakamwa pakapotoka, mkono nufooka, mau nasokonekera, apite naye ku chipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Asayende pansi, asapalase yekha njinga. Anyamulidwe ali chikhalire, osati chogona chagada.

Pali zizindikiro zina zimene zimadza mwakachetechete, ndipo ndizo zimene abale ayenera kuyang'anira. Mtima ukayamba kutopa, madzi amadzaza m'thupi. Mapazi amatupa, nsapato zimathina, ndipo chala chikasindikiza pa mwendo pamatsala dzenje. Wodwala amayamba kugona chotsamira khoma, kapena amadzidzimuka usiku ali wobanika. Mtunda umene ankayenda mosabvuta sabata yatha umamkanika. Kumene kuli sikelo, kulemera kukaonjezeka makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu, amenewo ndi madzi, si kunenepa iai. Zizindikiro zotere zikadziwika msanga, kawirikawiri dokotala amangosintha muyeso wa mankhwala, ndipo wodwala sagonekedwa. Zikachedwa, ndiye ulendo wa pa machira.

CHIPATALA CHIRI KUTALI, KOMA FONI IRI PAFUPI

Bvuto la kutalika kwa chipatala si la kuno kokha. Ku Edinburgh ku Scotland, m'chaka cha 1992, kunayamba dongosolo lotchedwa Heart Manual. Wodwala poturuka ankapatsidwa buku la malangizo a sabata 6, ndipo namwino wophunzitsidwa ankamuimbira foni kapena kumuyendera kuti aone mmene ali kupitira. Chiyambire pamenepo, madokotala atasonkhanitsa zopezeka m'kafukufuku wambiri aona kuti, kwa odwala amene nthenda yao yakhazikika, kulimbitsa thupi kunyumba motsogozedwa chotere kumathandiza mofanana ndi kupita ku chipatala. Koma chachikulu ndi chitsogozocho: payenera kukhala munthu wodziwa amene ali kufunsa ndi kuyang'anira.

Ku Sydney ku Australia, dokotala Clara Chow ndi anzache anayesa chinthu chapafupi koposa. Anatenga odwala mtima 710, nawagawa pawiri. Gulu limodzi linkalandira mauthenga anai a pa foni sabata iri yonse kwa miyezi 6, owakumbutsa za kuyenda, za chakudya ndi za kuleka fodya. Gulu linalo silinalandire. Zotsatira zache zinaturuka m'chaka cha 2015. Olandira mauthengawo anali kulimbitsa thupi koposa anzao, BP yao inatsika, mafuta oipa a m'magazi anachepa, ndipo osuta fodya anachepa. Kenaka m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseka malo ambiri ochitira mafizo, zipatala za m'maiko ambiri zinayamba kutsata odwala ao pa foni. M'maiko olemera kuli mawotchi amene amawerenga mapazi ndi kugunda kwa mtima, natumiza ziwerengerozo kwa dokotala.

M'Malawi muno kufunsira za umoyo pa foni si kwachilendo. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba m'boma la Balaka m'chaka cha 2011, mogwirizana pakati pa Unduna wa za Umoyo ndi bungwe la VillageReach. Poyamba chinali cha amai oyembekezera ndi ana, koma pambuyo pache chinafalikira ku maboma onse, nichiyankha za nthenda zosiyanasiyana. Ndiponso chipatala chenichenicho chiri kuyandikira. M'chaka cha 2022 nduna za umoyo za maiko a mu Africa zinagwirizana ku Lomé m'dziko la Togo pa dongosolo lotchedwa PEN-Plus, lakuti nthenda zazikulu monga ya tizitseko ta mtima zizisamalidwa ku zipatala za maboma, osati ku zipatala zazikulu zokha. Ku Neno nchito yotere inali itayamba kale chisanafike chaka chimenecho.

Wodwala wa kumudzi safuna wotchi yodula. Afuna zinthu zitatu: kope, pensulo ndi foni, ngakhale ya mbale kapena ya mnansi. Asanaturuke m'chipatala, afunse nambala imene angaimbe pakakhala bvuto, ilembedwe m'buku lache la ku chipatala pamodzi ndi tsiku lobwereranso. Nayenso asiye nambala imene angapezekepo. Kumene chipatala chiribe dongosolo loimbira odwala, abale apangane ndi mlangizi wa za umoyo wa m'dera lao, kuti azimva za wodwalayo sabata iri yonse miyezi yoyamba, kenaka mwezi uli wonse.

M'kopemo mulembedwe tsiku liri lonse zinthu izi: mphindi zimene wayenda, mmene anamvera poyenda, ngati mapazi atupa, ngati wagona bwino, ngati wamwa mankhwala, ndi kugunda kwa mtima m'mawa asanadzuke. Kugundako kumamveka poika zala ziwiri pa dzanja, m'munsi mwa chala chachikulu, ndi kuwerenga kwa mphindi imodzi. Mwa munthu wamkulu wopuma kumakhala pakati pa 60 ndi 100, koma mankhwala ena, monga atenolol, amakuchepetsa. Chotero wodwala afunse dokotala nambala yomuyenera iye. Tsiku limene wayezetsa BP kapena wakwera sikelo, nambalazo zilembedwenso. Poimba foni, kope likhale m'manja. Mau akuti "ndiri bwinoko" samuuza namwino kanthu. Koma akamva kuti, "Sabata yatha ndinkayenda mphindi 20, tsopano ndikanika pa 10, ndipo mapazi atupa masiku atatu," adziwa msanga chochita. Amene ali ndi foni ya WhatsApp angathe kujambula tsamba la kopelo, kapena mwendo wotupawo, natumiza.

Komabe foni siilowa m'malo mwa ulendo wa ku chipatala. Siingayeze magazi, siingajambule mtima, siingabaye jakisoni. Tsiku lolembedwa m'buku lisadumphidwe, ngakhale wodwala akumva bwino. Ndipo pa ngozi yaikulu abale asataye nthawi ndi kufunafuna netiweki. Aimbe ali kale pa njira.

MANKHWALA NDI CHAKUDYA

Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala. Ambiri amaleka kumwa pamene apeza bwino, osadziwa kuti apeza bwino chifukwa cha mankhwala omwewo. Wodwala akatenge ena akale asanathe. Amene ali ndi nthenda ya tizitseko ta mtima amabayidwa jakisoni wa penicillin pa sabata 3 kapena 4 ziri zonse kwa zaka zambiri, kuti nthendayo isabwererenso. Amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ayenera kuyezetsa magazi pa masiku oikika, ndipo asamwe mankhwala ena, ngakhale a zitsamba, osauza dokotala, pakuti angataye magazi. Mankhwala a ululu ogula pa msika, monga brufen, indocid ndi diclofenac, amasunga madzi m'thupi, nalemetsa mtima wofooka.

Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti osakwana kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera pamodzi ndi wa m'ndiwo. Soda wa m'therere, nsomba zothira mchere ndi zokometsera ndiwo za m'sitolo zimachita m'thupi monga mchere womwe. Wophika apatule ndiwo za wodwala asanathire mchere, kapena banja lonse lizolowere mchere wochepa, pakuti ndi chabwino kwa onse. Nyemba, nandolo, masamba, zipatso ndi nsima ya mgaiwa ndi chakudya chabwino. Fodya wa mtundu uli wonse, wosuta kapena wofwenkha, alekedwe konse. Kachasu ndi mowa wina zimafooketsa mnofu wa mtima.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Munthu woyenda yekha amaleka msanga, koma amene mnzache amamgogodera m'mawa uli wonse amapitiriza. Chotero m'banja musankhidwe munthu mmodzi woyenda ndi wodwala, ndi wina wosunga kope. Mwana wa Sitandade 6 kapena 7 angathe nchito imeneyi bwino. Abale asunge ndalama pang'ono za ulendo wadzidzidzi ndi za mayunitsi, ndipo adziwiretu mwini galimoto kapena njinga yamoto amene angadzutsidwe usiku. Aonenso mtima wa wodwala m'njira ina: ambiri akadwala chotere amakhala achisoni, osalankhula, oopa imfa. Wotere afunika kuchezeredwa ndi kutengedwa kupita ku mapemphero ndi ku misonkhano, ndipo chisoni chikapitirira, a chipatala auzidwe.

Mphunzitsi ali ndi mbali yaikulu. Angathe kulola odwala kuyenda pa bwalo la sukulu m'mawa kapena madzulo, kuphunzitsa ana kuwerenga kugunda kwa mtima ndi kulemba kope, ndi kuwerengera makolo zolembedwa m'buku la ku chipatala. Koposa zonse, akaona mwana wa zilonda za pa khosi ndi kutentha thupi, kapena wotupa m'mfundo za miyendo ndi manja, auze makolo kuti apite naye ku chipatala msanga. Mankhwala a masiku owerengeka pa ubwana angapulumutse mwanayo ku opaleshoni ya kunja.

Amfumu nawo athandize. Pa nchito za chitukuko ndi pa maliro, wodwala mtima asapatsidwe kukumba, kusenza njerwa kapena kunyamula bokosi. Apatsidwe nchito yopepuka. Ndipo anthu akaona bambo kapena mai ali kuzungulira bwalo la mpira m'mawa, pamene anzache ali ku munda, asamseke kapena kumnena kuti ndi waulesi. Ali kuchita chimene dokotala anamlamula, monga mmene wina amamwera mankhwala.

Amene wawerenga nkhani iyi aganize ngati m'mudzi mwache muli munthu amene anaturuka m'chipatala ndi nthenda ya mtima. Ngati alipo, apite akamuone sabata ino, amuwerengere mau awa pamodzi ndi abale ache, ndipo afunse mafunso atatu: Kodi ali kuyenda? Kodi mankhwala alipo? Kodi tsiku lobwerera ku chipatala ndi liti?